Musanataye makina otsukira mbale, londolani kaye njira ya madzi

Akonzi,

Tipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi anthu amene ali ndi makina otsukira mbale m'nyumba zawo, komanso ndi amisiri anzathu amene amaitanidwa makinawo akavuta. Ntchito yathu ndi yokonza zipangizo zamagetsi za m'khitchini, ndipo chatilembetsa kalatayi ndi chizolowezi chimodzi chimene chikuwonongetsa anthu ndalama. Makina akangoyamba kuvuta, mlandu umagwera bodi, kachipangizo kamene kamalamulira zonse za m'katimo. Bodi ndi yodula. Mwini makina akamva mtengo wake amagwa mphwayi, makina n'kukhala pakona kusanduka kabati yosungiramo mapoto. Chonsecho nthawi zambiri bodiyo imakhala ilibe mlandu.

Makinawa sachita zambiri. Amalowetsa madzi, amawatenthetsa, amawapopera pa mbale mwamphamvu, kenako amawatulutsa. Mfundoyi sinasinthe chiyambire 1886, chaka chimene Josephine Cochrane wa ku America analembetsa makina ake otsuka mbale ndi mphamvu ya madzi m'malo mozikwecha ndi burashi. Choncho vuto likabwera, funso loyamba ndi lakuti madzi aima pati. Sakulowa? Alowa koma sakuzungulira? Sakutentha? Kapena sakutuluka? Mukayankha funso limeneli mwatha theka la ntchito.

Musanalowetse dzanja paliponse, zulani pulagi pa soketi ndipo tsekani mpopi umene umapereka madzi ku makinawo. Kungozimitsa batani la pachitseko sikokwanira, chifukwa magetsi amakhala adakafikabe m'kati. Valaninso magolovesi okhuthala, poti pansi pa makinawa pamabisala zidutswa za magalasi osweka zimene sizioneka m'madzi akuda.

Chida choyamba ndi khutu. Yatsani makina, kokani mpando, mukhale pafupi. Makina abwinobwino amayamba ndi kulira kwa pampu yotulutsa madzi kwa kanthawi kochepa, kuchotsa madzi otsala dzulo. Kenako mumamva madzi akulowa kuti waa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ukatero umabwera mkokomo wa madzi akumenya zipupa, wokwera ndi kutsika pamene mikono yopopera ikuzungulira. Patapita nthawi mumamva kuti khatcha, ndiko kutseguka kwa kachitseko ka sopo. Pamene ndondomekoyi yadukira ndi pamene pali vuto. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mphindi khumi zomvetsera zimakuuzani zambiri kuposa kumasula zomangira zonse za makinawo.

Makina amene angoti zii, osayaka ngakhale kanyali kamodzi, nkhani yake ndi yaifupi. Lumikizani chipangizo china pa soketi yomweyo muone ngati pali magetsi, onani fyuzi ya mu pulagi ngati ilimo, onaninso breaker, swichi ya m'bokosi la magetsi a m'nyumba imene imagwa yokha pakakhala vuto. Ngati nyali zikuyaka koma makina sakuyamba, kankhani chitseko mpaka chilire. M'loko wa chitseko muli kaswichi kamene kamauza makina kuti chatsekeka, ndipo thireyi ya mbale imene sinalowe bwino kapena chogwirira cha poto chotulukira kunja zimalepheretsa chitseko kufika. Onaninso ngati wina sanatchere nthawi yoti makina adzayambe mochedwa kapena loko wotetezera ana. Bodi ikasokonezeka chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, kuzula pulagi kwa mphindi 5 nthawi zambiri kumaibwezera m'malo.

Madzi akapanda kulowa, yambani ndi mpopi, osati makina. Masulani paipi yolowetsa madzi, lozetsani mpopi mu ndowa, tsegulani mpaka kumapeto. Makina ambiri amafuna malita pafupifupi 10 pa mphindi imodzi. Ngati ndowa ya malita 10 ikutenga mphindi zitatu kuti idzaze, makinawo alibe mlandu: amadikira kwa nthawi imene anawaikira, madzi akapanda kukwana amaima n'kuonetsa chizindikiro cha mpopi. Kumapeto kwa paipiyo, kapena pakamwa pa valavu (kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka madzi olowa m'makina), pali kasefa kakang'ono ngati chipewa cha chala. Kamagwira mchenga ndi dzimbiri lochokera m'mapaipi, ndipo kakatsekeka madzi amangodontha. Kasololeni ndi pulayala mosamala, katsukeni ndi mswachi wakale, kabwezereni. Onaninso ngati paipi sinapindike pamene ankakankhira makina kukhoma. Makina ena ali ndi kachoyandama pansi m'kati, kamene kamakwera ndi madzi n'kuuza valavu kuti itseke. Mafuta ndi nyenyeswa zikakagwira m'mwamba, makina amayesa kuti adzaza kale. Kakwezeni ndi kukatsitsa ndi chala. Kayenera kuyenda momasuka. Zonsezi zikakhala bwino koma valavu ikungolira mmm osatsegula, apo ndiye valavuyo yatha, ndipo siikonzedwa, imangosinthidwa. Chenjezo limodzi: paipi imene ili ndi kabokosi ka pulasitiki kumpopi nthawi zambiri imakhala ndi waya wamagetsi m'kati mwake. Musaidule pofuna kuifupikitsa.

Dandaulo limene timamva kwambiri ndi lakuti makina akuyenda mpaka kumapeto koma mbale zikutuluka zakuda, zina zili ndi timichenga. Apa m'pofunika kukhalitsa, chifukwa zoyambitsa zake ndi zingapo ndipo pafupifupi zonse mwini makina angazithetse yekha.

Anthu ambiri sadziwa kuti makinawa sasintha madzi nthawi zonse. Makina amakono amatha ntchito yonse ndi malita 9 mpaka 12 okha, ndipo madzi omwewo amapopedwa, kugwa pansi, kudutsa mu sefa, n'kupopedwanso kambirimbiri. Sefa ikakhala yonyansa ndiye kuti mbale zanu zikutsukidwa ndi msuzi wa dzana. Sefayo ili pansi penipeni, pansi pa mkono wopopera wam'munsi. Ipotokoleni cha kumanzere, izulani. Kawirikawiri imakhala ndi zigawo zitatu: kadengu kogwira zikuluzikulu monga mafupa ndi njere, kasefa kozungulira ka timabowo tosaoneka bwino, ndi chitsulo chophwatalala cha timabowo. Kozungulirako ndi kamene kamanamiza anthu. Kamaoneka koyera, koma mukakayang'anitsa pa kuwala mupeza timabowo tonse tamatidwa ndi mafuta oterera. Tsukani ndi madzi otentha, sopo pang'ono ndi mswachi mpaka kuwala kudutse. Musagwiritse waya wokwechera mapoto, amaboola. Pobwezera potokolani mpaka igwire, chifukwa sefa yosakhazikika imalola zinyalala kupita ku pampu. Panyumba pamene makina amagwira ntchito tsiku lililonse, sefa izitsukidwa kamodzi pa mlungu.

Mukatha sefa pitani ku mikono yopopera. Ilibe mota, chimaizungulitsa ndi mphamvu ya madzi otuluka m'timabowo topendekera ta kunsonga. Kabowo kamodzi kakunsonga kakatsekeka ndi njere kapena kapepala kochoka pa botolo, mkono wonse ungathe kuima, ndipo mbale za mbali imodzi sizilawa madzi n'komwe. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani mikono yonse italoza kutsogolo, tsekani, yatsani, ndipo mkokomo wa madzi ukamveka kwa mphindi imodzi tsegulani pang'onopang'ono. Mukaipeza ili pomwe munaisiya, siikuzungulira. Ichotseni (pa makina ambiri wam'munsi umangozuka, wam'mwamba umamasulidwa ndi nati ya pulasitiki), tokosani kabowo kalikonse ndi chotokosera mano, thirani madzi pakati n'kukhutchumula kuti zinyalala zitulukire kumene zinalowera. Musakulitse timabowo ndi msomali, chifukwa bowo likakula mphamvu ya madzi imachepa. Ngati ndi thireyi yam'mwamba yokha imene ikutuluka yakuda, onani kumbuyo kwake: ili ndi kamwa limene limakalumikizana ndi paipi ya pachipupa, ndipo thireyi ikapanda kufika kumapeto madzi amangotayikira pamenepo.

Kapakiridwe nakonso kali ndi mbali yake. Mbale zogundana, masupuni olowana m'mimba, ndi chiwaya chachikulu chogonekedwa pamwamba pa zinzake zimatchinga madzi. Musanatseke chitseko zungulitsani mikono ndi dzanja muone ngati siikugunda kanthu. Mbale yaitali ikaima kutsogolo kwa kachitseko ka sopo, kachitsekoko kamalephera kutseguka, ndipo mudzapeza sopo wanu ali phatiphati m'malo mwake ntchito itatha. Zimachitikanso mukaika sopo wa mbulu m'kabokosi konyowa: amamatirira. Pukutani kaye. Sopo wa ufa amene wakoka chinyontho n'kuumbika miyala watha mphamvu. Dziwaninso kuti pulogalamu yachangu ya mphindi 30 nthawi zina siipereka nthawi yoti sopo wa mbulu asungunuke yense.

Pali china chimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma chimawabwerera. Amatsuka mbale pampopi mpaka kuyera asanaziike m'makina. Makina ambiri amakono ali ndi sensa imene imayang'ana kuda kwa madzi oyamba. Ikapeza madzi oyera imaganiza kuti ntchito ndi yochepa, n'kufupikitsa nthawi kapena kuchepetsa madzi, mapoto a mafuta n'kutuluka osayera. Palani zotsala m'bini basi, zinazo siyirani makina.

Matambula otuluka otuwa mbuu ali ndi matenda awiri osiyana, ndipo mankhwala a amodzi amakulitsa enawo. Nyowetsani kansalu ndi viniga, pukutani tambula imodzi. Kutuwako kukachoka, ndi laimu wochokera m'madzi okhala ndi mchere wa m'nthaka wambiri. Makina ambiri ali ndi chofewetsera madzi pansi, chokhala ndi chivundikiro chopotokola pafupi ndi sefa, ndipo chimafuna mchere wake wapadera wa mibulu ikuluikulu. Koyamba mumathira madzi pafupifupi lita imodzi, kenako mchere pafupifupi kilogalamu imodzi. Mchere wothira m'zakudya suyenera, chifukwa zimene amasakanizamo kuti usaumbike zimatseka chofewetseracho. Mchere ukatayikira pansi, yendetsani makina nthawi yomweyo kuti uchoke, apo ayi chitsulo chimachita dzimbiri. Ndipo musadzalakwitse n'kuthira sopo m'malo a mcherewo, chofewetsera chimawonongekeratu. Koma ngati viniga walephera, galasilo ladyeka, ndipo silidzabwereranso. Izi zimachitika madzi akafewa mopitirira, sopo akachuluka, kutentha kukakwera. Pamenepo chepetsani sopo, tsitsani mlingo wa chofewetsera, ndipo magalasi muzitsuka pa 45 kapena 50 °C, osati pa 70.

Tsopano tibwere ku vuto limene limaopsa anthu kwambiri: kutsegula chitseko n'kupeza chithaphwi cha madzi onunkha. Timadzi tochepa pansi pa sefa si vuto, timakhalapo dala kuti mphira wa pampu usaume. Koma madzi akaphimba sefa yonse, njira yotulukira yatsekeka penapake, ndipo malo ake ndi anayi okha: sefa, pampu, paipi, ndi polumikizira pansi pa sinki. Yambani ndi kumapetoko, poti n'kosavuta. Thirani madzi mu sinki. Ngati sinkiyo ikuchedwa kumeza, makina alibe kotayira, ndipo wofunika ndi pulambala. Ngati sinki ili bwino, ikani beseni pansi, masulani paipi ya makina pamene yalumikizidwa, suzumirani. Pakamwa pamenepo pamaundana mafuta mpaka kutsala kabowo kongolowa pensulo. Ngati makina kapena mapaipi a sinki angoikidwa kumene ndipo madzi sanatulukepo chiyambire, onani ngati sanaiwale kuchotsa chotsekera cha pulasitiki chimene chimabwera chili m'kamwamo kuchokera ku fakitale. Oika makina amachiiwala kawirikawiri, ndipo makina atsopano amabwezedwa kusitolo pa mlandu wa kanthu kakang'ono kameneka.

Kenako pampu. Pulagi itazulidwa, chotsani sefa, tungani madzi ndi kapu, otsala muwamwetse siponji. Walitsani tochi m'dzenjemo. Pa makina ambiri mudzaona kachivundikiro ka pulasitiki cham'mbali, kogwidwa ndi sikuluwu imodzi kapena kongokanikizidwa, kamene mungakatukule ndi supuni. Kuseri kwake kuli kapulopela. Kazungulitseni ndi chala chovala golovesi. Kamayenda modumphadumpha chifukwa m'kati muli maginito, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Kakakana kuyenda, pali chakatsamwitsa: kachidutswa ka galasi, chotokosera mano, njere yolimba, kawaya komangira mapepala apulasitiki. Pampu yotsamwa imalira mmm osakoka madzi, pamene imene ili ndi galasi m'kati imalira khotchokhotcho. Bwezerani kachivundikiroko mpaka kalire, chifukwa kakapanda kukhala bwino pampu imazungulira pachabe. Makina ena amaonetsa nambala ya vuto: pa a Bosch, E24 imaloza ku madzi osatuluka, E25 ku pampu yotsamwa kapena kachivundikiro kameneka, E22 ku sefa. Makampani ena ali ndi manambala awo, ndipo tanthauzo lake lili m'kabuku ka makinawo.

Paipi yotulutsa madzi iyenera kukwera kaye m'mwamba, kufika pansi pa thebulo la sinki, isanatsikire polumikizira. Ikangogona pansi, madzi akuda a mu sinki amabwerera m'makina usiku, ndipo m'mawa mumapeza chithaphwi ndi fungo ngakhale makinawo anatha bwino ntchito dzulo lake. Kuimangirira m'mwamba ndi kawaya kumathetsa vuto limene ena asinthirapo pampu kawiri.

Makina odontha afunseni kaye za sopo. Sopo wamadzi wotsukira mbale pamanja sayenera kulowa m'makinawa ngakhale dontho. Amachita thovu lochuluka, thovulo limakankha madzi kudutsa pansi pa chitseko, ndipo pampu imalephera kulikoka. Zikachitika zimitsani, tungani thovulo, thirani supuni imodzi ya mafuta ophikira kuti lotsalalo liphwe, kenako yendetsani pulogalamu yotsukuluza kawiri. Ngati si sopo, pukutani mphira wozungulira chitseko, makamaka wam'munsi umene suoneka mutaimirira, muone ngati sunang'ambike kapena kuuma. Mkono wopopera wong'aluka m'mbali umalasa madzi molunjika pampata wa chitseko. Makina opendekera kutsogolo nawonso amadontha. Miyendo yake ndi yopotokola, choncho mungathe kuwawongola.

Pansi pa makina ambiri pali thireyi yobisika yokhala ndi choyandama. Madzi akadonthera mmenemo, choyandamacho chimakwera, makina amatseka valavu n'kuyatsa pampu yotulutsa mosalekeza, nthawi zina ngakhale chitseko chili chotsegula. Pa Bosch imeneyi ndi E15. Ambiri amalangizana kuti mungowapendeketsa makinawo madzi atayike. Amayambadi kugwira ntchito, koma podonthera pamakhala pali pomwepo, ndipo kupendeketsako kungathe kuthira madzi pa bodi, n'kupha chinthu chimene chinali chamoyo. Chotsani chitsulo cham'munsi kutsogolo, pukutani madziwo ndi siponji, yalani pepala louma, yendetsani makina, muone pamene pepala layambira kunyowa.

Za kutentha: pakatha mphindi 30 kapena 40 pa pulogalamu ya 65 °C, chitseko chiyenera kumveka chofunda, ndipo mukachitsegula pang'ono, nkhope ili kutali, nthunzi iyenera kutuluka. Mbale zozizira, zamafuta, ndi sopo wosasungunuka zimasonyeza kuti madzi sakutentha. Apa mpamene pamafunika mmisiri ndi multimeter yake, mita yoyezera magetsi. Elementi (chitsulo chotenthetsa madzi) ya mawati 2000 pa magetsi a 230 V iyenera kuonetsa ma ohm pafupifupi 26. Mita ikapanda kuonetsa kanthu, elementi yaduka. Ikaonetsa kuti pali njira pakati pa elementi ndi chitsulo cha makina, ndiye kuti magetsi akuthawira kuthupi la makinawo, ndipo n'chifukwa chake breaker imagwa nthawi imodzimodzi pa ulendo uliwonse, pamene kutenthetsa kwayamba. Makina otere asayatsidwenso mpaka atakonzedwa, ndipo mmisiri amene angakuuzeni kuti angodula waya wa earth (woteteza anthu kuti asagwidwe ndi magetsi) kuti breaker isiye kugwa, muthokozeni, azipita. Elementi ikakhala bwino, ayeze sensa ya kutentha ndi mawaya odutsa m'munsi mwa chitseko, amene amathyoka ndi kutsegula ndi kutseka kwa zaka zambiri.

Mbale zotentha koma zonyowa si matenda. Makina ambiri amaumitsa ndi kutentha kumene mbale zasunga, ndipo pulasitiki sasunga kutentha, choncho amatuluka ndi madontho nthawi zonse. Thirani rinse aid (mankhwala amadzi othandiza kuti mbale ziume) m'kabokosi kake kuti madzi azitsetsereka; ikachuluka mudzaona timizere tobiriwira pa magalasi, tsitsani mlingo. Tsegulani chitseko pang'ono ntchito ikatha, ndipo yambani kutulutsa thireyi yam'munsi. Pulogalamu ya eco (yopulumutsa magetsi) kutenga maola atatu kapena kuposerapo si vutonso: imatenthetsa pang'ono n'kulipira ndi nthawi. Kuipa kwake n'kwakuti mukamagwiritsa yokhayo, mafuta amaundana m'mapaipi. Kamodzi pa mwezi yendetsani makina opanda kanthu pa kutentha kwakukulu, ndi mankhwala otsukira makina kapena masupuni aakulu 3 a citric acid (asidi wa ufa ngati wa m'mandimu). Bulitchi ayi: amadya chitsulo ndi mphira, ndipo akakumana ndi viniga kapena asidi wina amatulutsa mpweya wakupha.

Bodi imafa ndithu, makamaka magetsi akabwera mwamphamvu kapena madzi akaidonthera. Koma imayenera kuweruzidwa pomalizira, valavu, mapampu, elementi, sensa, swichi ya chitseko ndi mawaya zitayezedwa n'kupezeka zabwino, kapena pamene paoneka popserera penipeni. Amisiri anzathu, kusintha bodi musanapeze chimene chinaiwotcha ndi kuwotchetsa yatsopanoyo. Ndipo inu eni makina, poitana mmisiri muuzeni nambala ya makina yolembedwa m'mphepete mwa chitseko, nambala ya vuto imene yaoneka, ndi pamene mkokomo unadukira. Akanena kuti chakutichakuti chafa, mupempheni akuonetseni pa mita, ndipo chimene wachotsacho akusiyireni.

Ndife anu,
Amisiri okonza zipangizo zamagetsi za m'nyumba